Kabokosi Kamene Ndinapatsa Apongozi

1

Ndine Jethro Njobvu. Ngati munatsikapo basi pa Nyimba zaka ziwiri zapitazo kuti mugule nthochi, mwina munandiona. Kashopu kanga kanali kuseri kwa azimayi a nthochiwo, kali ndi dishi yadzimbiri pakhomo. Ndinkakonza mawailesi ndi mafoni, koma chimene chinkandidyetsa kwenikweni ndi timabokosi.

Musachite ngati simutidziwa. Ndikunena madikoda aja otsegula matchanelo onse a pa dishi, mpira, mafilimu, maulaliki, popanda kulipira mwezi ndi mwezi. Ndi kuba, sindikana, koma pa Nyimba palibe ankatchula mawu amenewo. Dzina lake lachingerezi linali lalitali, ndiye anthu ankangoti Kaulele. Ndinkakatenga ku Petauke kwa mkulu wina, Abraham.

Timabokosito tinali ta mitundu iwiri. Ka kapepala kofiira kanali ka wamba. Ka kapepala kagolide kanali ka mabwana, ndipo zolembedwa pa kapepalako zinkakhazika mtima pansi: kamagwira pa mavoti 12 mpaka 24, kakatentha kamazima kokha, mphezi sikaiopa.

Munthu mmodzi yekha ndiye anakayika, aMubiana, mphunzitsi wa sayansi amene boma linawatumiza kuno kuchokera kwa Alozi. Tsiku lina ananyamula kofiira kudzanja lamanja, kagolide kumanzere, n'kumatiyeza ngati akugula nkhuku.

"Bambo Njobvu, kagolide aka kali ndi zinthu zambili mkati, si choncho?"

"Zambili zedi, aphunzitsi."

"Nanga bwanji kulemela kwake n'chimodzimodzi ndi kanzake? Timabowo ta mphepo n'tomweto."

"Zinthu za masiku ano n'zopepuka."

"Inu munatsegulako kamodzi kuti muone?"

"Mukatsegula mwaononga, aphunzitsi. Sabwezela."

Anaseka, koma mpira unawakola, anagula kagolide komweko. Atachoka ndinauza wogulitsa nthochi wina kuti anthu ophunzira kwambiri amavuta.

2

Mkazi wanga ndi Doris. Tinali ndi mwana mmodzi, Abby. Doris ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika, ankaimba kwaya, ndipo anali munthu woseka mpaka kugwira m'mimba. Kwawo ndi ku Luembe, kumene amayi ake anali chigonere chaka chachiwiri, mbali imodzi ya thupi itafa. Pakamwa pokha ndi pamene panatsala pamoyo. Chimene ankadandaula si ululu ayi, koma kuti sankathanso kupita kutchalitchi.

"Atate ake Abby," Doris anatero tsiku lina, "timabokosi tanu tili ndi abusa. Amai bwenzi akumvako mau tsiku lonse."

Ndinavomera msangamsanga. Ndinkafuna kuti ku Luembe adziwe kuti mwana wawo anakwatiwa ndi mmisiri. Loweruka tinanyamula dishi, ka TV kakang'ono ndi kabokosi kagolide.

Tsopano mumve bwino apa. Kwathu kuno mkamwini salowa m'chipinda cha apongozi aakazi. Sawayang'ana m'maso, sayankhula nawo mwachindunji, akakumana nawo panjira amapatukira kutchire. Ine pa zimenezi ndinali katswiri, ndipo mudzi wonse unkandiyamikira. Ndinaimika dishi panja, ndinalowetsa chingwe pawindo, ndiye ndinaima pakhoma nditafulatira.

"Lowani chabe," Doris ananong'ona. "Amai adwala, palibe azakunenani."

"Iyayi. Iwe ukhale manja anga, ine ndizikuuza."

Ndi mmene tinagwirira. Waya wofiira apa, wakuda apo, pota, kulunga ndi tepi. Tepi inatha asanamalize, ndiye anang'amba pepala la pulasitiki la shuga n'kukulungira waya wotsala. Ine sindinaone chilichonse cha mkatimo. Sindinaone kuti kabokosi akukaika pa sutikesi ya zovala, pafupi ndi katani, kumutu kwa matiresi. Sindinaonenso kuti Doris wakafunditsa kansalu koluka kuti kasalowe fumbi, monga amachitira azimayi ndi chinthu chilichonse chamtengo.

Mchimwene wake wa Doris, Hilary, amene ankasamala amayiwo, anabwera akupukuta manja.

"Mlamu, mabatile anga ndi awili olumikizana, mavoti 24, chifukwa cha filiji ya kugolosale. Sikazapsa kameneka?"

"Welengani pa kapepalapo, mlamu."

Analowa, anawerenga, anatuluka akugwedeza mutu mokhutira. Posakhalitsa mkatimo munamveka nyimbo ya kwaya, kenako mawu olemera a apongozi.

"Doris, uwauze atate ake Abby kuti Mulungu awadalitse. Ndaona abusa."

Ndinagwada panja pomwepo n'kuomba m'manja.

3

Patatha milungu itatu, Lachinayi, nthawi ya kupalira, anthu onse anali kumunda. Mkazi wa Hilary anawayatsira amayi TV, anawaikira madzi pafupi, anakhoma chitseko chifukwa cha mbuzi, napita. Cha m'ma 11 koloko mtsikana wina wochokera kudilawo anaona utsi ukutuluka pansi pa malata.

Pamene amuna ankathyola chitseko n'kuti katani, sutikesi ndi theka la matiresi zitapsa. Apongozi anali atadzikwekweretsa ndi dzanja limodzi mpaka pakati pa chipinda. Anamwalira m'galimoto, asanafike kuchipatala.

Za maliro sindinena zambiri. Tsiku lotsatira titaika, abale anakhala pansi pa mtengo wa mango. Hilary anayankhula maso ali pansi.

"Mabatile aya akhala zaka zitatu, sanavutepo. Kabokosi kaja kakatentha kamazima kokha, ndinawelenga ndi maso anga. Manje moto unachokela kuti?" Anatembenukira kwa ine. "Mlamu, amisili ndinu. Moto wotele umayambila pati?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine.

"Nthawi zambili," ndinatero, "umayambila pa mawaya."

Sindinatchule dzina la munthu, ndipo miyezi yambiri ndinkadzitonthoza ndi zimenezo. Koma aliyense ankadziwa amene anagwira mawaya. Doris anachoka pamphasa ya azimayi akuyenda chogwada mpaka pakati pa bwalo.

"Ndine," anatero. "Tepi inatha, ndinaika pulasitiki. Ndine ndapha amai."

Ang'ono ake awiri anayamba kulira mokuwa, wina anamulavulira. Hilary sanamukalipire. Anangoti, "Unali ndi mwamuna wodziwa nchito panja, sukanafunsa?" Atatero ananyamuka n'kupita kugolosale kwake.

Ine ndinamudzutsa mkazi wanga, ndinamusasa fumbi m'maondo. Azimayi ena ndinawamva akuti Doris ali ndi mwayi, anapeza mwamuna woleza mtima.

4

Doris amene ndinabwerera naye ku Nyimba sanali uja. Kwaya anasiya. Salaula inachita nkhungu m'matumba. Chinthu chilichonse cha magetsi sankachikhudza, ngakhale kutchaja foni ankadikira Abby abwere kusukulu. Abale ake anasiya kumuimbira. Pamene ankakambirana za mwala wa pamanda, iye sanamuitane.

M'mawa uliwonse tisanamwe tiyi tinkapemphera, ndipo pemphero lake linali limodzi.

"Ambuye, mundikhululukile. Amai anandibala, anandilela, ine ndinawatentha ndi manja awa. Musalange mwana wanga chifukwa cha ine."

Ine ndinkati ameni.

Musaganize kuti ndinali chilombo cha m'nyumba. Ndinkaphika, ndinkachapa, ndinkamugulira Fanta, ndinkamuuza kuti inali ngozi, Mulungu amadziwa mtima. Ndinkamukonda, ndipo mpaka lero ndimamukonda. Ndinkadziuza kuti chisoni chimatha, ndingodikira. Kushopu ndinayamba kufunsa aliyense wofuna kagolide ngati ali ndi mabatire awiri, akati inde ndinkati tatha. Koma kugulitsa sindinasiye.

Mwezi wachisanu ndi chimodzi chichitikire maliro, zitenje zinayamba kumuzungulira kawiri. Tsiku lina masana mayi wina wa nthochi analowa m'shopu.

"ANjobvu, akazi anu tawachotsa pamseu. Anaimilila pakati penipeni, thilaki ya ku Lusaka yachita kukhotela kumbali. Sanathawe, anangotsinzina."

Ndinampeza atakhala pa dengu lovundikira, azimayi atamuzungulira. Anandiyang'ana ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Sindinafune, atate ake Abby. Miyendo inangopita yokha."

Apa ndiye ndinadziwa kuti Doris sachira, ndipo ndikapitiriza kukhala chete ndimuika m'manda. Ndinamutengera kunyumba, ndinamuphikira phala. Ndinatsegula pakamwa kawiri konse. Chimene chinatuluka n'choti adye chisanazizire.

5

Sabata yotsatira aMubiana anabwera ndi jumbo. Anadikira kasitomala atuluke, anatseka chitseko, n'kukhuthula pa tebulo timabokosi tiwiri totsegula, kofiira ndi kagolide.

"Kanga aka ndinakayesa pa sola ya kusukulu, ya mavoti 24. Masiku anayi chabe kanayamba kununkha, pulasitiki n'kusungunuka. Sikanazime. Ndiye ndabweleka kofiila kwa mnzanga. Onani."

Analoza ndi bolopeni. Mkati mwa tonse tiwiri munali kathabwa kobiriwira kofanana, nambala yake imodzi, ndipo pakona panalembedwa 12 basi.

"Fyuzi mulibe. Chomvela kutentha mulibe. Choteteza mphezi mulibe. Kusiyana kwake ndi kapepala chabe." Anavula magalasi. "Bambo Njobvu, ndinamva za apongozi anu. Ndinamvanso kuti ku Luembe kuli mabatile awili. Waya wokulungidwa ndi pulasitiki si wabwino, koma chimene chinayaka ndi ichi. Akazi anu sanalakwe. A ku Petauke anakunamizani, inu n'kunyamula bodzalo osadziwa. Pitani mukawauze amai lelo lomwe."

Ndinagwira mutu, ndinachita ngati ndadabwa kwambiri. Ndinawathokoza. Ndinawapempha kuti asauze munthu kaye, ndifufuze bwino.

"Fufuzani," anatero, "koma mayi uja musamuchedwetse."

Panapita milungu iwiri ndisananene kanthu. Mukufunsa kuti chifukwa chiyani, popeza aphunzitsi anali atandipatsa kale njira yothawira, yongoloza chala ku Petauke. Ndinkadziwa kuti Doris akamva dzina la Abraham sangakhale pansi. Ndipo ndinkadziwa chimene Abraham angayankhe.

6

Lachiwiri lina Doris analowa m'shopu akuthamanga, mpango uli m'manja. Anali atakumana ndi aMubiana pachigayo, ndipo iwo, poganiza kuti ndinamuuza kale, anamufunsa ngati mtima wayamba kutsika.

"Atate ake Abby, si ine! Aphunzitsi akuti si ine!"

Ankaseka ndi kulira nthawi imodzi. Anandikumbatira pamaso pa anthu, chinthu chimene sanachitepo chikwatiranire.

"Ndidziwa chifukwa chake simunandiuze, mumafuna mutsimikize. Munthu uja anakupusitsani, mwamuna wanga. Mailo m'mawa tipite ku Petauke, ndikamuone nkhope. Kenako tikauze achimwene."

Ndinayesa zonse. Ndinati Abraham ndi woopsa, ndinati anasamuka, ndinati ndipita ndekha. Iye anati ndikakana apita yekha, dzina akulidziwa. M'mawa mwake tinakwera minibasi. Njira yonse ankadya chinangwa chootcha ngati munthu wochokera kundende.

Abraham tinampeza kuseri kwa shopu yake ya zitsulo, pakati pa makatoni. Doris sanapereke ndi moni womwe.

"Ndinu munanamiza amuna anga? Kabokosi kanu kagolide kanatentha amai anga amoyo."

Abraham anayang'ana iye, anayang'ana ine. Anang'amba katoni imodzi n'kutulutsa kabokosi kakuda, kopanda kapepala kalikonse. Kenako anatsegula dilowa, anaponya pa tebulo mipukutu iwiri ya timapepala, wofiira ndi wagolide.

"Amai, ine ndigulitsa mabokosi akuda. Mapepala ndimapatsa padela, aliyense amamata yekha kushopu kwake. Amuna anu tsiku loyamba anatsegula kamodzi pa tebulo lomweli, ndi sikuludilaiva yanga, anaseka, anati anthu a ku Nyimba sawelenga za mkati. Iwe Jethro, ndinama?"

Sananame.

Ndicho chimene ndakhala ndikukubisirani inunso. Kapepala kamene Hilary anawerenga ndinamata ndine, Lachisanu madzulo, ndi chala changa chachikulu, kuti mphatso ya apongozi ioneke yapamwamba. Pamene anandifunsa za mavoti 24 ndinkadziwa yankho. Kunena zoona kukanatanthauza kuvomera, mlamu ali pomwepo ndipo apongozi akumva pawindo, kuti mkamwini waulemu uja ndi wakuba wa timapepala. Ndinaganiza kuti kakavuta kadzangofa, ndidzabweretsa kena.

Doris anatola mpukutu wagolide, anauyang'ana nthawi yaitali, anaubwezera pa tebulo bwinobwino. Anatuluka. Ndinampeza pa siteshoni atakhala pa benchi, manja ali pamiyendo.

"Amake Abby."

"Pansi pa mango paja munadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Tsiku la thilaki?"

Ndinangowerama.

"Miyezi isanu ndi iwili ndinali kupepesa kwa Mulungu chinthu chimene sindinachite. Inu munali pambali panga, mutatsinzina." Mawu ake anali otsika, ngati akufunsa mtengo wa tomato. "Amai mukanati inali ngozi, mwina ndikanamva. Koma ine munali kundiona tsiku ndi tsiku."

M'minibasi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo.

7

Loweruka tinapita ku Luembe ndipo ndinanena zonse abale atasonkhana. Sikunali kulimba mtima ayi, Doris anali atandiuza kuti ndikapanda kunena ine anena yekha. Hilary anandimenya kamodzi pakamwa, dzino linachoka, amalume awo anamugwira. Ang'ono ake a Doris anagwa pamiyendo pake akulira. Za kupolisi anakambirana, koma Doris anakana, anati Abby asakule ndi atate a kundende. Ukwati unathera pomwepo. Iye ndi mwana anatsala kumudzi, ine ndinabwerera ndekha.

Shopu ndinatseka. Ndinayenda pa njinga m'midzi yonse imene ndinagulitsako, mpaka ku Sandwe, kuuza anthu kuti kagolide n'kabodza. Ena ananditukwana, ena anandilanda njinga kwa masiku awiri, ena anati ndikufuna ndiwagulitse katsopano ndipo mpaka lero akuonerabe mpira. AMubiana tikakumana amandipatsa moni, koma saimanso.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona Abby. Doris ndinampeza akusenda chinangwa pakhonde. Thupi labwererako pang'ono. Ndinamufunsa ngati tsopano akupeza bwino, popeza aliyense akudziwa kuti analibe mlandu.

"Mutu udziwa," anatero, osasiya kusenda. "Koma ndikauka m'mawa ndimapezeka ndayamba kale kupepesa kwa amai. Ndimafika pakati, ndiye n'kukumbuka kuti si ine. Tsiku lililonse. Abusa akuti chizatha, ine sindidziwa."

Anatola chinangwa china.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ngati m'nyumba mwanu muli kabokosi kotere, musakhulupirire zolembedwa pamwamba pake, pakuti amene anamata akhoza kukhala munthu ngati ine, woseka bwino, wopatsa moni akuluakulu atagwada. Koma chimene chimandiwawa kwambiri si kapepala. Moto uja unayaka ine kulibe, ndipo ndingathe kunena kuti sindinkafuna. Za Doris sindingatero, chifukwa ndinalipo m'mawa uliwonse. Ngati pali wina kwanuko amene akuonda ndi mlandu umene mukudziwa kuti ndi wanu, musadikire kuti chisoni chake chithe chokha. Ine ndinadikira, ndipo pomaliza amene anauza mkazi wanga zoona anali mphunzitsi wachilendo ndi wakuba mnzanga wa ku Petauke.